Belu la Ba Kapembwa

Hatibu anachoka ku Kamwala mdima utagwira kale. Minibasi za ku Kanyama zinali zitatha, ndiye anangouyamba wapansi, kudzera kumafakitale. Mawondo ankamuwawa. Tsiku lonse anakhala pa katebulo kake kokonzera mawotchi, osabwera munthu ndi mmodzi yemwe. Chilowereni boma latsopano, timawotchi ta pulasitiki tinadzaza misika. Kakafa, mwini wake amangokaponya m'ngalande.

M'thumba la jekete anali ndi wotchi ya tcheni, yasiliva, ya chivindikiro. Mwini wake anali Kapembwa, kapitawo wa pa fakitale ya mawotchi a pakhoma, kumene Hatibu anathera mphamvu zake. Wotchi imeneyi ndiyo inkalamula onse. Kapembwa akaitsegula n'kuimba belu, anthu alowe, akaimbanso, aweruke. Belu lisanalire, palibe ankadzuka pabenchi, ngakhale mwana adwale.

Sabata yotseka fakitale, Kapembwa anabwera nayo sipuling'i itaduka. Hatibu anaikonza, koma mwini wake sanaonekenso. Analandira zake n'kuthawa, ankatero Hatibu, akapitawo ndi choncho. Komabe m'mawa uliwonse, zaka zonsezi, ankapotoza kamutu kake, poti wotchi ya mwini siima m'manja mwa mmisiri. Tsopano anali atatopa nazo. Mawa akaigulitsa kwa mzungu wina wogula zakale.

Anafika pa mpanda wa fakitale ija. Malata anazula kalekale. Udzu mpaka m'mawindo.

Pageti panaima munthu. Ovolosi yochapa bwino, manja kumbuyo.

"Ba Hatibu. Mwachedwa."

Mawu aja! Hatibu anaima.

"Ba Kapembwa? Nanga muchita chani kuno usiku?"

"Nkoloko yanga mwasiliza? Banthu balema mukati. Bafuna kukomboka, bayende kunyumba."

Hatibu anasuzumira. Mdima okhaokha. Kenako anamva... tiki, tiki, tiki. Osati m'thumba ayi. M'kati! Mabenchi kukwekwesa. Wina kutsokomola.

Hatibu anagwira thumba la jekete.

"Siningabachose popanda nthawi," anatero Kapembwa motopa. "Mudziba lamulo."

Anatambasula dzanja. Hatibu anatulutsa wotchi. Zala zawo zinakhudzana. Kuzizira kwake, ngati mpopi wa mu Juni!

Chivindikiro chinati kha.

"Iyenda bwino. Simunaileke."

Hatibu anatembenuka. Anayenda. Osacheuka. Atafika panjanji... ngee! ngee! ngee! Belu! Belu limene anaona ndi maso ake akulikweza pa lole ya ogula zitsulo! Kumbuyo kwake kunamveka mapazi ambirimbiri, okokera pansi, ngati anthu oweruka. Kenako zii.

Kutacha anafunsira njira mpaka ku komboni ya George. Anapeza mkazi wa Kapembwa, Maud, akusesa pakhomo.

"Ba Maud, bamuna banu bafika bwino usiku?"

Mayiyo anaimika tsache.

"Imwe ba Hatibu, mwayamba kumwa mu ukulu? Ba Kapembwa tinabaika ku manda ya Chingwere chaka chamene banatseka kampani. Pa mphasa benze kungokamba vimodzi: banthu sininabachose."

Hatibu anakhala pa njerwa. Inali nthawi yake yopotoza kamutu kaja. Dzanja linalowa lokha m'thumba, zala n'kupotoza mphepo.