Chigafa Chinasanduka Mthunzi wa Jinja

Anakumana pa siteji ya minibasi pa Nsaru, tsiku la msika. Regina anali atakhala pambali pa dengu la jinja ndi chikasu. Zakeyo, mlimi wa fodya wa m'mudzi woyandikana nawo, anadutsapo, nabwerera, nadutsanso ngati wataya kanthu.

"Achimwene, mugula kapena mukuyeza msewu?" anafunsa Regina.

"Ndigula, achemwali. Koma chikununkhira bwino chonchi n'chiyani, jinjayu kapena mwini wake?"

Regina anaseka mpaka kugwira pakamwa. Jinja anagulidwa, nambala ya foni inapita ngati banyira!

Kuyambira pamenepo foni ya Regina sinapume. "Wadzuka bwanji duwa langa? Jinja wako wandichiza chimfine, koma wandidwalitsa mtima." Tsiku lina unabwera uthenga umene Regina anausunga: "Ndikulonjeza, dzuwa silidzakuwotcha ine ndili moyo."

Munda wa Regina unali m'mphepete mwa nkhalango ya m'mudzi, pansi pa misuku ndi mikuyu imene malemu mayi ake ankaletsa kudula. Mumthunzimo jinja, chikasu ndi koko zinkakula mokondwa, nthaka ili yonyowa ndi masamba owolerana.

Zakeyo atauona mundawo anamva chisoni. Kwawo mbewu imafuna dzuwa, ndipo mtengo ukaima m'munda wa fodya amausadza. "Mtsikanayu akusowa womuthandiza," anatero mumtima. Kodi anafunsa? Afunsirenji, poti ankafuna kumudzidzimutsa!

Regina atapita ku Kasiya kukaona mkulu wake amene anali atangobereka, Zakeyo ananola chikwanje, nasadza nthambi zonse za mitengo ya m'munda wa Regina. Pofuna kusiya m'munda moyera, nthambizo anazituta, nakamalizira nazo chigafa chake chopachikamo fodya. Kenako analemba monyadira: "Wapamtima, ukabwera upeza mphatso m'munda mwako. Mwawala!"

Munawaladi. Unali mwezi wa Febuluwale, ng'amba itavuta. Regina pobwerera anapeza masamba a jinja atapiringizika, nsonga zitapsa, koko atawerama. Anakhala pansi nalira. Ndiye atapita kwa Zakeyo n'kuona nthambi za misuku zili pachigafa, mtima unamusweka.

"Kodi ndi zimene munkandifunira? Mitengo ya amayi anga?"

Ulemu wadzidzidziwu unamulasa Zakeyo. Regina anali atasiya kalekale kumutchula kuti inu, koma tsopano anali atayambiranso.

"Regina wanga, ine ndimati mbewu zione dzuwa..."

"Jinja si fodya! Munkati dzuwa silidzandiwotcha, eti? Lero mwandiwotcha ndinu. Musandiimbirenso."

Zakeyo anatumiza mauthenga opepesa mpaka chala kutopa, koma yankho linali zii. Nsima inasiya kumulowa. Kodi akanabwezera bwanji nthambi mumtengo?

M'mawa wina Regina anapita kumunda ndi keni yothirira kuti apulumutseko zotsala. Atafika anapeza zodabwitsa. Ngolo inali itaima pambali, mitengo ya mphanda itazikidwa m'mizere, ndipo Zakeyo anali pamwamba akuyala udzu, thukuta lili kamukamu. Chigafa chake chonse anali atachiphwasula kuti amangire jinja mthunzi!

"Mwapenga kodi?" anakuwa Regina. "Fodya wanu si wakhwima kale? Mumupachika pati?"

"Fodya ndidzabzala wina chaka chamawa," anayankha Zakeyo. "Nanga Regina wina ndikamupeza kuti?"

Regina anayesa kukwinya nkhope, koma milomo inamupereka. Misozi ndi phwete zinatulukira limodzi.

"Udzuwo wauthinitsa, iwe," anatero akupukuta m'maso. "Jinja amafunako kadzuwa pang'ono, kolowa ngati kodutsa m'masamba. Tsika ndikuphunzitse."

Zakeyo atamva iwe uja anatsika ngati mwana woitanidwa kukadya. Tsiku limenelo anagwira ntchito mofunsa chilichonse, ngakhale pozika kamtengo.

"Chigafa cha amalume anga chili ndi malo," anatero Regina dzuwa likupendeka. "Ndikakupemphera upachikemo fodya wako."

"Ndiye kwa amalumewo ndili ndi pempho linanso, lalikulu," anatero Zakeyo atamugwira dzanja. "Regina, duwa langa la mumthunzi, undilola?"

Regina anayang'ana kumwamba. Pa msuku wina, pamene chikwanje chinadula, timasamba tofiira tinali titayamba kuphuka.

"Tumiza amalume ako, usabwere wekha ngati wosadziwa mwambo," anatero akumwetulira. "Koma podzabwera kuchikamwini, chikwanje chija udzachisiye kwanu!"