Odi pa Khoma Lopanda Khomo

Ntchito yanga ndi yogula nyumba zakale za pakati pa tauni n'kuzipatsanso moyo. Ndimaikonda, sindibisa. Msewu womwe anthu ankauthawa kukada lero ukuwala magetsi, ndipo ndikamadutsapo ndimayenda modzimva.

Koma nyumba ya pakona inatsala pang'ono kundichititsa manyazi. Tinaikonza bwino, khomo lakale la kumbali tinalitseka ndi njerwa n'kupakapo penti. Alonda awiri anathawa motsatizana osanena chifukwa. Mayi wa saluni amene ankafuna kulowamo anayamba kuzengereza. Ndinadziwa kuti iye akangokana, enanso akana, nyumbayo n'kubwerera kwa mileme.

"Ndikagonamo ndekha," ndinauza amuna anga.

"Iwe amene umakuwa ukaona mphemvu?" anaseka.

Madzulo ndinalowa ndi tochi ndi fulasiki ya tiyi. Jekete langa, lomwe msomali unaling'amba thumba masana, ndinalikoleka pampando. Monse munkanunkha penti. Kunja magalimoto anachepa, kenako kunangoti zii.

"Odi."

Mawu a bambo wachikulire, aulemu. Sanachokere kukhomo lathu latsopano lagalasi ayi. Anachokera pakhoma paja tinatseka.

Mantha ngati amenewo sindinawamvepo.

"Odi kuno."

Mayi anga anandilera kuti munthu akaodira suumira pakamwa. Lilime linangoyankha lokha.

"Lowani, bambo."

Kamphepo kozizira kanandidutsa m'miyendo. Mpando unalira pang'ono ngati wina wakhalapo. Kenako phokoso la makina osokera, aja opalasa ndi phazi. Tochi sindinayatse. Chodabwitsa n'choti mantha anaphwa, tulo n'kundiba.

M'mawa thumba la jekete linali litasokedwa, bwino kuposa mmene ndinaligulira.

Nditamuonetsa bambo wokonza nsapato kutsidya kwa msewu, analitembenuza jeketelo, n'kutsitsa mawu.

"Awa ndi manja a atelala amene ankasokera m'nyumbamo kale. Khomo munatsekalo ndi lomwe ankalowera, mpaka tsiku lomwe tinakawaika m'manda. Anali munthu waulemu, sankalowa asanayankhidwe. Alonda anuwo ankangothawa m'malo moyankha."

Tsiku lomwelo ndinaitana mmisiri kuti agumule njerwazo. Amuna anga anati ndapenga, koma jeketelo sanafune kuligwira.

Mayi wa saluni analowa, ndipo makasitomala ali mbwee. Dandaulo lake ndi limodzi lokha: alibenso sanza zokolopera. Thaulo lililonse likang'ambika, m'mawa amalipeza litasokedwa.