Kapu Yoyamba ya Mumphika

Wamizu ankagulitsa mankhwala azitsamba pakhonde la sitolo yotsekedwa, mabotolo ake atachita kutuwa ndi fumbi. Mnzake woyandikana naye anali atagula galimoto, ndipo iye akaiona mtima unkamuwawa ngati amubera. Mkazi wake ankadwala shuga, koma ankamwa mapilisi a kuchipatala n'kumachapa, kumaseka bwinobwino.

Njiru inamufikitsa kwa sing'anga wa zizimba. Mkuluyo anamupatsa muzu wofiira, nati madzi ake owiritsa amasungunula mafuta m'magazi a odwala shuga, ndipo anthu azidzachita kulimbirana.

"Koma mafutawo sasowa, bambo, amasamuka," anatero. "Mphika uliwonse, kapu yoyamba azimwa wa m'nyumba mwanu. Mapilisi asiye."

Wamizu anafunsa ngati munthuyo angafe. Sing'anga anamufunsa ngati wabwerera chuma kapena mafunso. Wamizu, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anavomera.

Mankhwala anagwiradi ntchito. Odwala ankapita kukayezetsa n'kubwerako akusekerera kuti mafuta atsika. Wamizu anatsegula sitolo ya mawindo a magalasi, miphika inachuluka pamoto, makapu nawonso anachuluka. Mkazi wake anasiya mapilisi, makapuwo ankamwa osanyinyirika. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ankanyadira kwa anzake kuti mwamuna wake sagulitsa kanthu asanayambe wamupatsa iye.

Kenako m'zikope mwa mayiyo munatuluka timabulu tachikasu. Miyendo inayamba kuzizira, akakwera pakhonde ankagwira pachifuwa. Wamizu anathamangira kwa sing'anga kukapempha kuti kapuyo azimwetsa galu. Mkuluyo anaseka, nati galu si wa m'nyumba. Ngati akumufuna mkaziyo azimitse moto, chuma chipite.

Njira inalipo, abale. Koma pasitolo panali mzere, ndipo Wamizu anati awiritse mphika umodzi wokha. Mawa lake anateronso.

Mayiyo anagwa kukhitchini kapu ili m'manja. Kuchipatala namwino atamutenga magazi, pamwamba pake panayera ngati mkaka. Dokotala anafunsa mokalipa kuti ndani anamusiyitsa mapilisi. Mkaziyo, kukamwa kutapotoka kale, anamuyang'ana mwamuna wake.

"Ndinasiya ndekha, adokotala. Bambo awa amandisamala."

Sanayankhulenso.

Maliro atatha, muzu uja unaola, makasitomala anabalalika, sitolo anaitseka. Lero Wamizu amakhala pakhonde lomwe lija, wopanda nsapato, atafumbata kapu yachitsulo. Akaona mayi aliyense akudutsa amadzuka mwaulemu, n'kumuchonderera kuti asamwe. Ana amamuseka, koma ife amene tinkamudziwa mkazi uja timangoyang'ana kumbali.

Chuma cha zizimba chimadya wa m'nyumba, ndipo chimayambira pa amene amakukhulupirira. Umphawi ukanawasiya awiriwo ali moyo. Dyera ndi limene linawalekanitsa.