Ba Dunstan Akali Kubwera

Ine Besa sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma za milalang'amba ndingakuphunzitseni. Anandiphunzitsa ndi Winifred, mwana wa eni nyumba imene ndimakhala ku Chelstone mu Lusaka, amene amawerenga za nyenyezi ku yunivesite.

Tsiku lina madzulo malaiti anapita monga mwa masiku onse. Winifred anandipempha ndimukwezere telesikopu padenga, pamodzi ndi kabokosi kong'amba kuwala n'kukusandutsa utawaleza pa laputopu.

"Onani, ba Besa," anatero. "Mlalang'amba uja uli monga mbale yozungulila. Mbali yamene ibwela kuli ise, tumizele utu tusendela ku buluu. Yamene ithawa, tusendela ku redi. Nipima kadontho kamodzikamodzi mpaka mapu isile."

"Kanshi na nyenyezi zili na kapokola wa sipidi?" ndinafunsa, poganizira apolisi apamsewu.

Tinaseka. Kenako kumsewu kunaoneka tochi. Kutsimphina kuja tinakudziwa: ba Dunstan, atate ake, akuchokera kumsika. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Bapime na beve."

Anatembenuza telesikopu n'kuilozetsa kwa atate akewo. Kuseka kunatha.

"Redi," ananong'ona. "Bathawa."

"Bathawa bwanji iwe? Si aba babwela?"

"Bathawa kupambana mlalang'amba."

Ndinayang'anitsitsa. Miyendo ikuponda, nkhope yaloza kuno. Koma mtengo wa mango wa pageti osaufika. Mphindi khumi. Ola lathunthu. Mtunda wongoponya mwala.

"Dadi!" anakuwa Winifred.

Ba Dunstan anatukula mutu, milomo ikugwedera. Mawu sanatipeze.

Ndinatsika, ndinathamangira kumsewu. Munthu palibe. Agalu okha, ali duu, michira m'mimba. Kukwera padenga, ndi awo, akubwera. Katatu ndinatsika. Kachinayi ndinangokhala pambali pa Winifred.

Tochi inafiira ngati khala, n'kumazilala, n'kumazilala. Kunacha tili padenga pomwepo.

Lusaka mukuidziwa. Munthu wopezeka padenga mbandakucha safunsidwa za sayansi. Mayi wokazinga zitumbuwa anatiwona, ndipo dzuwa lisanatenthe nkhani inali itafika ku Kabwata, mbali ina ya tauni: ndege ya ufiti yathera mafuta pamalata, mwana wadya atate ake.

Tinazungulira kupolisi, kuzipatala, ngakhale kumotchale. Ba Dunstan kulibe.

Winifred amakwerabe malaiti akapita. Ine ndimangomugwirira makwerero. Dzulo ndinamufunsa ngati akuwaonabe.

"Na maso, iyayi," anatero osacheuka. "Koma makina yakali kubagwila pang'ono. Musakhome geti, ba Besa."