Lamulo la Wokomoka

Mtembo unali chafufumimba pakati pa mpando ndi tebulo, mahedifoni akadali m'khosi. Inspekitala anafika Lamulungu dzuwa litapendeka, ndipo maso ake anayamba agwera pa kompyuta imene inali ikadali yoyaka. Pagalasi pake panali mapu a chigwa chojambula pamanja, ndi tizithunzi ta anthu titazungulira kachizindikiro ka nyali. Pansi pake wina anali atalemba mobwerezabwereza kuti, "Mfotokozi, mwapita kuti? Tikudikira."

Inspekitalayu anali mayi amene anakalambira pa ntchito yoona mitembo, koma chipinda chimenechi chinamuchititsa nthumanzi. Zinkamveka ngati anthu ena akadali momwemo, angokhala chete kuti apolisi atuluke.

"Awamenya kamodzi kokha, kuseri kwa khutu," anatero Sajeni, akuloza chitsulo choimikirapo maikolofoni chimene chinali pansi. Sajeni anali bambo wamimba yake, maganizo ali kale ku penshoni. "Chitseko sichinathyoledwe, zenera lili bwinobwino. Wakuba sangasiye kompyuta ngati iyi, Bwana. Uyu ndi wam'nyumba."

"Malemuwa ankagwira ntchito yanji?"

"Aphunzitsi a jogalafe. Awapeza ndi akazi awo, atelala aja akhala pakhondewo."

Anthu oyandikana nawo nyumba sanachedwe kutsegula pakamwa. Anati m'mawa wa tsiku lomwelo m'nyumbamo munali mkangano wa mtima bii, ndipo anamva mkazi akunena kuti lero zithe. Zala za telalayo zinapezekanso pachitsulo chija. Pofika Lolemba, bwana wamkulu wa pasiteshoni anali atagamula kale mlandu mumtima mwake, ndipo mkazi wa malemu anali m'chitokosi.

Inspekitala anamuitanitsa kuchipinda chofunsiramo anthu. Mayiyo analowa maso ali psuu, ulusi woyera ukadali pamkono wa bulauzi yake.

"Maliro ndi Lachinayi, Bwana," anayamba yekha asanafunsidwe. "Kodi amuna anga akaikidwa m'manda ine ndili muno?"

"Ndithandizeni kuti ndikuthandizeni, mayi. Zala zanu zikutani pachitsulo chija?"

"Ndinachichotsa pafupi ndi mutu wawo. Inu mukanachisiya?"

"Nanga za pakompyuta zija ndi chiyani?"

Telalayo anapumira m'mwamba. "Ndi nthano, koma yosewera anthu angapo. Aliyense amakhala kwawo, amakumana pa intaneti Lamulungu masana. Aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, wina msilikali, wina mlenje. Amuna anga ndiwo ankafotokoza zochitika, n'chifukwa chake ankawatcha Mfotokozi. Pakabuka nkhondo, amaponya dayisi, kamwala ka manambala kaja, kuti aone wopambana. Anthu a imvi zawo, Bwana."

"Ndiye munakanganirana dayisi?"

"Tinakangana chifukwa cha mlongo wawo. Ankasewera nawo, m'nthanomo anali Mayi wa Nyali. Anamwalira chaka chatha, koma m'chipinda chija sanamwalire. Amuna anga ndiwo ankamulankhulira. Anakulira limodzi, ndiye ankamutengera ndendende, kasekedwe kake, ngakhale kachifuwa kake kaja. Mawu a munthu amene ndinamusambitsa ndi manja angawa ankadutsa pansi pa chitseko n'kundipeza kukhitchini. Ine ndinkathawa. Ndinkapita kushopu kukakhala ndi makina anga, chitseko chotseka."

"Alipo anakuonani kushopuko dzulo?"

"Palibe. Lamulungu msewu uja umakhala zii."

Inspekitala anamukhulupirira, koma ankadziwa kuti kukhoti sapitako ndi chikhulupiriro. Anafunsa mayina a osewera enawo. Awiri anali pachibale, okhala kutali kunja kwa dziko. Wina anali namwino wa pachipatala chachikulu. Wotsiriza anali dokotala wa ziweto, mwamuna wa malemu mlongo uja, amene ankakhala misewu iwiri kuchokera kunyumba ya mlamu wake.

Inspekitala anamupeza dokotalayo Lachiwiri m'mawa akumanga bandeji pamwendo wa galu. Anali munthu wowonda, waulemu, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. M'makola a kuseri agalu ankalira mosinthana.

"Ndinali pakompyuta yanga kunyumba," anatero. "Anzanga angachitire umboni kuti tinayambira limodzi."

"Munasewera mpaka pomaliza?"

"Ayi. Msilikali wanga anavulala koyambirira, n'kukomoka. Ndikuuzeni zoona, Bwana, ndinachita dala. Tsiku limenelo linali loti titsanzikane ndi Mayi wa Nyali, ndipo mtima wanga sukanapirira. Ndinangokhala pampando n'kumadikira kuti andiitane."

"Munawakwiyira alamu anu?"

Dokotalayo anasisita mutu wa galu uja. "Ndikanawakwiyira bwanji? Anandisungira mkazi wanga chaka chathunthu. Ngakhale potsanzika anamupatsa mawu abwino. Anati, 'Musandiperekeze, njira ndikuidziwa.' Ndi mmene ankanenera m'mawa uliwonse akamapita kuntchito ine n'kufuna kumufikitsa pageti."

Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo inali misozi yeniyeni. Inspekitala anatuluka akumumvera chisoni. M'galimoto Sajeni anapukusa mutu.

"Tikungotaya mafuta, Bwana. Munthu wolirira galu angaphe mlamu wake?"

Namwino anawalandira pa nthawi yake yopuma, pabenchi la m'khonde la chipatala. Iye ndi abale awiri aja anali atakhala pa kamera masana onse, aliyense akuona mnzake, choncho za iwo zinathera pomwepo. Koma mayiyu anali wokonda dongosolo, ndipo atafunsidwa za masewerawo anawongola msana ngati akupereka lipoti kwa dokotala wamkulu.

"Anthu amaganiza kuti ndi zachibwana, koma popanda malamulo gulu silikhalitsa. Athu tinapangana tokha, ndipo Mfotokozi ankawatchula pakamwa tisanayambe. Dayisi amaponyedwa kamera ikuona. Palibe kujambula mawu kapena zithunzi, zonenedwa patebulo zimathera patebulo. Mwini wake akasowa, munthu wake amamulankhulira Mfotokozi." Anaima kaye pang'ono. "Limeneli tinaikira munthu amene wapita kuukwati kapena wadwala chimfine. Sitinaganize za imfa. Lamulungu loyamba pambuyo pa maliro, Adokotala anangofunsa kuti, 'Nanga Mayi wa Nyali akuti chiyani?' Mfotokozi anayankha ndi mawu a mlongo wake. Tonse tsitsi linatiima, koma palibe analimba mtima kunena kuti basi."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mwezi watha. Mfotokozi anabwera ndi lamulo latsopano, loti munthu amene mwini wake anamwalira azigonekedwa mwaulemu. Anali atatha, Bwana, mumaona nokha pa kamera. Tinavota. Adokotala okha ndiwo anakana."

"Ndamva kuti dzana msilikali wawo anakomoka."

"Zinatidabwitsa. Adokotala ndi amantha pa masewera, timawaseka kuti chishango chawo amagona nacho. Tsiku limenelo anachitaya pansi n'kulumphira chilombo manjamanja. Tinati ndi chisoni. Mfotokozi anawatulutsa, ife n'kupitiriza."

Inspekitala anatukula mutu. "Anawatulutsa kupita kuti?"

"Kuchipinda chodikirira. Ndi lamulo lathu lakale kwambiri: wokomoka samva. Munthu wako akakomoka, Mfotokozi amakuchotsa pagulu, suona kanthu, sumva kanthu, mpaka akuitanenso. Ndipo akatsitsimuka sauzidwa zimene zachitika, azizifufuza yekha m'nthanomo."

"Dzana anaitanidwanso?"

"Ayi. Mayi wa Nyali atatsanzika, Mfotokozi anati tipume pang'ono, mawu akunjenjemera. Anazimitsa kamera ndi maikolofoni. Sanabwererenso."

"Mawu otsanzikirawo munawauza Adokotala?"

Namwino anamuyang'ana ngati wamunamizira kuba mankhwala. "Ine? Lamulo ndi lamulo, Bwana, ngakhale mwini wake atagona kumotchale. Ndiponso iwowo sanafunse n'komwe."

Sajeni anaimbira abale aja kunja. Onse awiri anayankha chimodzimodzi, ndipo wamkulu anachita kukhumudwa kuti wapolisi angamuganizire zotero. Sajeni anadula foni, nthabwala zonse zitamuthera.

Lachitatu masana dokotala wa ziweto anakhala pampando womwe unakhalidwa ndi telala uja. Anabwera yekha atangoitanidwa, atavala jekete lakuda lokonzekera maliro. Inspekitala anamupempha kuti aike makiyi ake patebulo.

"Iyi ndi ya kuchipatala kwanu, iyi ya galimoto. Nanga iyi yomangidwa kansalu kofiira?"

"Inali ya mkazi wanga. Ya kunyumba kwa alamu. Ankapita kukathirira maluwa iwo akachokapo."

"Adokotala, munandiuza mawu amene Mayi wa Nyali anatsanzikira. Munawamva kuti?"

"Pa masewera."

"Munali mutakomoka. Wokomoka samva. Palibe anajambula, ndipo anzanu onse atatu akuti sanakuuzeni. Mawu amenewo ananenedwa kamodzi kokha, m'chipinda chimodzi chokha." Inspekitala anatsitsa mawu. "Pali mayi m'chitokosi muno amene mawa akuyenera kuika mwamuna wake m'manda. Inu mukudziwa kuwawa kwake kuposa ine."

Dokotalayo anayang'ana kiyi ija. Atayamba kulankhula, mawu ake anali ofatsa ngati kale.

"Sindinapite kukapha munthu. Ndinafuna kuwapempha maso ndi maso, chifukwa pa kamera munthu amakukanira mosavuta. Ndinadziwa kuti ndikakomoka palibe andifunefune. Ndinalowa mwakachetechete, n'kuima m'khonde. Bwana, chaka chonse mkazi wanga ndinkamumvera m'mahedifoni. Tsiku limenelo ndinamumva kuseri kwa chitseko, pafupi ngati pamene mwakhala inupo. Anatsokomola kachifuwa kake kaja. Ndinatsala pang'ono kugogoda kuti ndimufunse ngati wamwa mankhwala. Kenako anati ndisamuperekeze."

"Ndiye munalowa."

"Atazimitsa kamera. Ndinagwada pansi, ine munthu wamkulu. Ndinati, 'Alamu, Lamulungu limodzi lokha pamwezi, sindipemphanso china.' Anali akulira nawonso. Anati, 'Alamu, mlongo wanga anamwalira. Amene mumamumva uja ndine, ndipo ndatopa kufa sabata iliyonse.' Ndinati andilankhulire kamodzi kotsiriza, anditchule dzina basi. Anatembenuka n'kundipatsa msana." Anatukula maso. "Kuchipatala anandilanda mkazi wanga ine nditangoima manja lende. Apa ndinaona akundilandanso kachiwiri. Chitsulo chinali pafupi."

"Ndipo munalola kuti mkazi wawo agone m'chitokosi."

"Ndinkati ndibwera ndekha. M'mawa uliwonse ndinkati lero." Anakankhira kiyi ija kwa Inspekitala. "Chiyambire Lamulungu ndikuyesa kukumbukira mawu a mkazi wanga mmene ankamvekera, koma sakubwera. Munthu mmodzi yekha padziko ndiye ankawadziwa."

Sajeni anamutenga mopanda kumukankha. Inspekitala anatsala yekha m'chipindamo, akumva kuzizira komwe kuja kwa m'nyumba ya malemu. Kenako anakatenga makiyi a chitokosi, osafuna kutuma wina.

Telala uja anali atakhala pakona, manja ali pamaondo. Atamva chitseko anaimirira.

"Tiyeni, mayi. Galimoto ikakusiyani kunyumba. Maliro mukhalapo."

"Ndani anawapha?"

"Alamu anu, Adokotala. Avomera."

Mayiyo sanakuwe, sanatukwane. Anagwira chitsulo cha chitseko.

"Nanga nthano ija anaimaliza? Anamugoneka mlongo wawo?"

"Anamugoneka. Anzawo akuti anatsanzika bwino."

Telalayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ikutsika yokha.

"Ndiye anasunga lonjezo," anatero. "Amuna anga akatuluka m'chipinda chija ankakhala osalankhula mpaka Lachiwiri, Bwana. M'mawa uja anandigwira dzanja n'kunena kuti, 'Ukabwera kuchokera kushopu undipeza ndili ndekha, mlongo wanga nditamugoneka.' Ndinatseka shopu msanga. Ndinabwera ndikuthamanga."