Khitchini ya Mabulo, Khoma Lopanda Kanthu

Inu amene mumati Betty amangodzitama, khalani pansi mundimve mpaka ndimalize, kenako munditsutse ngati mungathe. Ine ndinafika ku London ndi sutikesi imodzi ndi satifiketi ya Fomu 4. Ndasamalira okalamba zaka makumi awiri, ndipo lero ndili ndi nyumba yangayanga ku Edmonton, yofunda moti alendo amavula majekete akadali pakhomo. M'nyumba imeneyo ndinaleleramo mwana wanga Atikonda: pemphero m'mawa, kwaya Loweruka. Anamaliza unamwino, nakwatiwa kutchalitchi ndi a Morton, mnyamata wofatsa woyendetsa basi.

Awiriwa anagula nyumba yakale ku Romford, ya njerwa zokhazokha, pulasitala yake yongoyoyoka ukaigunda ndi chala. Atikonda anali woyembekezera. Ine malamulo ndimawadziwa, sindichita kufunsa. Kuno ukagumula pulasitala yoposa theka la khoma lakunja, suloledwa kungomatanso. Uyenera kuikamo inshuleshoni, mabolodi okhuthala aja otchinga kuzizira, insipekita wa khonsolo aone, ndiye akupatse satifiketi. Ndinatulutsa mapaundi 9,000 anga, a thukuta langa.

"Izi ndi za makoma basi," ndinamuuza Atikonda. "Mdzukulu wanga asadzagone mufiriji."

"Ndamva, Mami."

Mwezi womwewo mnzanga Gladys, wa m'gulu lathu la amayi kutchalitchi, anatiitana ku Greenwich kukaona nyumba ya mwana wake Melissa. Pakati pa khitchini panali chitebulo cha mwala wodula uja amati mabulo, choyera ngati mkaka. Gladys ankachisisita ngati mphaka.

"Ndi a ku Italy amenewa, asisi. Gwirani, musaope. Nanga kwa Atikonda zikuyenda? Ndamva kuti ndi fumbi lokhalokha."

Ndinaseka mokakamiza. Tili m'sitima pobwerera, ndinalephera kudzigwira.

"Melissa yemwe uja ankakopera masamu kwa iwe? Mwana wa Gladys atipose ife?"

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, sindikana.  Atikonda anangoyang'ana zithunzi za khitchini ija pafoni mpaka tinatsika.

Mmisiri wawo anali Roy, wa ku Lusaka, mwamuna wa pakamwa pa shuga. Tsiku lina ndinamupeza akulankhula ndi Atikonda pakati pa zigumukire.

"Sisi, inshuleshoni ni ndalama yoika m'manda. Nani azaiona? Mlendo akabwera saona mkati mwa khoma, aona khitchini. Ndalama yamene iyi nikupezelani mabulo yopambana ya uja wa ku Greenwich."

"Nanga insipekita?" Atikonda anafunsa.

"Uja ali bize maningi. Nimamutumila chabe mapikicha, asaina."

Ndinalowererapo. "Bambo inu, mwana wanga musamuphunzitse kuba. Atikonda, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ah, Mami, timangocheza," anatero Roy akuseka.

Patatha milungu itatu Atikonda anandionetsa zithunzi zimene anatumiza kukhonsolo. Chipinda chilichonse chinali ndi mabolodi onyezimira kukhoma. Koma ine maso anga ndi akuthwa, ndi amene amaona chilonda pamsana pa nkhalamba madokotala asanachione. Bolodi lina linali lobenthuka pakona, lili ndi chidindo cha nsapato. Ndinaliona kuchipinda chogona. Ndinalionanso pabalaza. Ndinalionanso kukhitchini.

"Bolodi ili lili ndi miyendo?"

Atikonda anazolika, naulula. Roy anagula mabolodi asanu ndi limodzi okha. Ankawaimika pakhoma, kujambula, kuwachotsa, kutseka khomalo lopanda kanthu, n'kupita nawo chipinda china.

"A Morton akudziwa?"

"Amakhala ali ku shifiti. Mami, musawauze."

"Ukunamiza boma, ukunamiza mwamuna wako. Gumula makomawo lero!"

"Si inu nomwe munati mwana wa anti Gladys asatipose? Mabulo afika kale. Mukufuna ndiwabweze, akatiseke?"

Apa ndiye ndinagwa. Ine Betty, amene ndimadzudzula ngakhale abusa akalakwitsa vesi, ndinatseka pakamwa. Ndinaganiza za nkhope ya Gladys.

Ndipo nkhopeyo ndinaionadi. Tsiku lotsegulira nyumba, Gladys analowa m'khitchini naima chilili. Tebulo lathu linali lalitali kuposa la Melissa ndi mkono wathunthu.

"Gwirani, asisi, musaope," ndinamuuza.

Anachoka msanga, akuti mutu. Ine ndinavina mpaka nsapato inaduka chidendene.

Mdzukulu wanga Zikomo anabadwa mu Okutobala. Pofika Disembala, makoma anayamba kulira. Mawindo atsopano ankatsekera nthunzi yonse m'nyumba, nthunziyo n'kumakasanduka madzi pakhoma lozizira. A Morton ankayatsa hita tsiku lonse, bilu ya gasi n'kumabwera ngati ya hotela.

"Koma nyumba yoika inshuleshoni imazizira chonchi?" ankadabwa. Atikonda ankangopukuta khoma ndi chiguduli.

Mwana anayamba kutsokomola. Kenako pachifuwa pake panayamba kulira ngati wezulo. Lachiwiri lina masana Atikonda anandiimbira akulira.

"Mami, Zikomo akubanika! Milomo yada!"

Ndinachoka kuntchito, ndinakwera takisi. Ndinamupeza mdzukulu wanga kuchipatala, kamphuno kali ndi machubu, nthiti zikukoka ngati kankhuku konyowa. Dokotala anafunsa funso limodzi lokha.

"Kunyumba kuli chinyezi?"

A Morton anathamangira kunyumba, nakankha kabedi ka mwana. Kuseri kwake khoma linali bii, chuku chakuda kuyambira pansi mpaka pawindo. Anatenga hamala naboola. Dzanja linalowa lonse, n'kukagunda njerwa yonyowa.

Anabwerera kuchipatala fumbi lili m'manja. Munthu wofatsa uja sanakalipe.

"Atikonda, ndalama za amayi zinapita kuti?"

Mwana wanga anagwada pasimenti ya chipatala, anamwino anzake akuona. Anaulula zonse. Kenako a Morton anatembenukira kwa ine.

"Amayi, inu mumadziwa?"

Chibadwire sindinatsitsepo maso kwa munthu. Tsiku limenelo ndinayang'ana pansi pamaso pa mkamwini wanga.

Zikomo anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo Mulungu anatichitira chifundo. Atikonda anapita yekha kukhonsolo kukanena zoona. Anauzidwa kuti makoma onse akunja atsegulidwe, ntchito iyambirenso. Foni ya Roy inali itazima kalekale. Makabati a khitchini anali omangiriridwa kumakoma omwewo, ndiye anazulidwa onse, ndipo mabulo aja anasweka pakati powanyamula. Ntchito ya mapaundi 9,000 inadya 21,000. A Morton sanamusiye mkazi wawo, koma mpaka lero risiti iliyonse amaiwerenga okha.

Gladys anabwera kudzazonda, atanyamula supu. Sananene kanthu koipa. Zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri.

Atsikana ndi anyamata amene mukugula nyumba zakale kuno, ndikuuzani mosabisa: kaduka amakugulitsa chimene alendo adzaone, n'kukulanda chimene mwana wako adzapume. Insipekita mungamunamize ndi chithunzi, koma Januwale wa ku England sawerenga zithunzi. Ndipo inu azimayi anzanga, samalani zimene mumanena m'sitima mwana wanu akumva.

Mufuna mudziwe chimene ine ndinapindulapo? Ndikuuzani ndendende. Miyezi khumi ndi umodzi ya banja lonse la anthu atatu likugona m'chipinda changa cha alendo, ndi kabotolo kabuluu kopopera mankhwala a chifuwa. Kali m'chikwama changa pano, pambali pa Baibulo, ndipo Zikomo akabwera kwa agogo ake sindikasiya kutali kuposa pamene dzanja langa lingafike.