Nodoka Asesa Mtsinje

Nodoka ankakonda kusesa. Ankasesa m'nyumba. Ankasesa pakhonde. Tsiku lina anasesa ndi mphaka yemwe.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kamtsinje kochokera kuphiri. Madzi ake anali ozizira zedi. Padziwe lina pankakhala nsomba ya mtundu wotchedwa iwana. Inali ndi mawanga oyera. Nodoka anaitcha Mawanga.

Mawanga anabadwira pomwepo. Sankapita kunyanja. Padziwepo ndiye panali kwawo.

Koma kwawoko kunali kwauve. Kunali nthambi. Kunali masamba ovunda. Kunali chipika chakuda.

"Pepa, Mawanga," anatero Nodoka. "Kwanu kukufanana ndi kuchipinda kwa achimwene anga a Genta."

Anachotsa nthambi. Anachotsa masamba. Anakankha chipika. Miyala anaiika pamzere, ngati nsapato pakhomo. Dziwe linayera mbee.

M'mawa mwake Mawanga panalibe. Panali kakowa. Anaima pamwala, maso ali m'madzi, ngati mlendo wodikira mbale.

Nodoka anachita mantha. Anathamangira kwa Genta. Anamupeza ali gone pamulu wa zovala.

"Achimwene, Mawanga wasowa. Ine ndinangomusesera."

Genta anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, wamusasulira denga," anatero. "Wamutayiranso chakudya. Tizilombo take timakhala m'masamba ovundawo. Nanga kakowa akabwera, abisale pati?"

"Ndiye titani?"

"Tikadetse. Pa ntchito imeneyo katswiri ndine."

Anapita kudziwe. Kakowa anathawa. Awiriwo anabweza nthambi. Anabweza masamba. Anabweza chipika. Miyala Genta anaimwaza ndi phazi. Nodoka anatsinzina kuti asaone.

Tsiku loyamba, Mawanga sanabwere. Tsiku lachiwiri, sanabwere. Nodoka sanakhudze tsache. Ndi mpunga womwe sunamukomere.

Tsiku lachitatu, kamutu kanasuzumira pansi pa chipika. Kenako mawanga oyera. Nodoka anasangalala, koma sanakuwe. Anangotsina Genta.

Madzulo onse anakhala pansi kudya.

"Mwaonatu, Amayi," anatero Genta. "Uve umapulumutsa moyo. Chipinda changa muchisiye."

Amayi anamuyang'ana kumutu. Anamuyang'ana kumapazi.

"Zipsepse zako zili kuti?" anafunsa.

Genta analibe zipsepse. Amayi anamupatsa tsache.

"Kaseseni, achimwene, musaope," anatero Nodoka. "Kakowa akabwera, ndimuthamangitsa ine."